Bala la Msilikali ndi Pepala la Boma

Munthu akagwa padenga pofolera nyumba ya mnzake ku Kameme kapena ku Nthalire n'kuthyoka mwendo, nkhani imakathera kwa amfumu. Akuluakulu a pabwalo safulumira kutchula ndalama. Amayamba aona ngati mwendowo wawonongekadi, kenako amafunsa ngati munthuyo anagwa ali pa ntchito imene anatumidwa kapena anakwera padengapo mwa iye yekha atalawa mowa, ndipo pomaliza amafufuza ngati kutsimphina kwake kwayamba ndi kugwako kapena ankatsimphina kale. Zitatuzi zikamveka m'pamene amakambirana za chipepeso. Maboma a dziko lapansi amafunsa zomwezo kwa msilikali wopuma amene akupempha thandizo chifukwa cha ulumali. Chosiyana n'chakuti pabwalo la mfumu mboni zimakhala pomwepo ndipo denga aliyense akuliona, pamene msilikali anavulalira ku Beni m'dziko la Congo kapena m'mbali mwa njanji ya ku Nacala, anzake amene anaona zochitikazo anabalalika, ndipo pepala lonena za tsikulo lili m'kabati ya ofesi ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 700 kuchoka pa boma la Chitipa.

Mutu uno ukulongosola njira imene msilikali wolumala amadzera kuti ayenerere chipukuta misozi, ndipo waima pa mfundo imodzi. Boma ndilo limayeza msilikali polowa ntchito, ndilo limamutuma, ndilonso limasunga mapepala ake onse. Choncho si chilungamo kuti wovulalayo asenze yekha katundu wopereka umboni.

Ndalama za mitundu itatu

Anthu ambiri akamva kuti msilikali wopuma akulandira ndalama amangoti ndi penshoni, chonsecho ndalamazi zili mitundu itatu ndipo mtundu uliwonse uli ndi khomo lake. Penshoni imabwera chifukwa cha zaka zimene munthu watumikira, kaya ali ndi bala kaya alibe. Thandizo la osauka, monga Mtukula Pakhomo amene anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo Chitipa anali m'gulu la maboma oyambirira kumulandira, limayang'ana umphawi wa banja ndi kusowa kwa munthu wamphamvu zogwirira ntchito pakhomopo, osati yunifomu imene wina anavalapo. Chipukuta misozi cha ulumali chimalipira chimene ntchito yawononga m'thupi la munthu. Mnyamata amene waponda bomba lokwirira m'chaka chake chachiwiri cha usilikali sanafike pa zaka za penshoni, komabe mwendo wake wapita chifukwa cha ntchito ya boma. Mkulu amene watumikira zaka zambiri n'kupuma ali bwinobwino, kenako n'kugwa panjinga yamoto potsika mapiri a Misuku, ali ndi penshoni ndipo walumaladi, koma ulumali wakewo suli pamutu pa gulu lankhondo.

Njira ya msilikali imasiyananso ndi ya wantchito wamba. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 silikhudza asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, kupatula anthu wamba olembedwa m'nthambizo. Za msilikali zimayendetsedwa ndi lamulo lakelake, Defence Force Act, pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono otuluka m'menemo. Wovulala ku usilikali sayambira ku ofesi ya leba ya pa boma. Amayambira kwa akuluakulu a gulu lake, ndipo fayilo yake imakafika ku likulu la Malawi Defence Force. Apa pali chinthu chofunika kuchisunga m'mutu mpaka kumapeto kwa mutu uno: mbali imene inamutuma ndi yomweyo imene ikusunga umboni, ikuyeza bala, ndi kugamula mlandu.

Mafunso atatu

Funso loyamba ndi lakuti kodi ulumali ulipo lero. Chilonda chimene chinapola osasiya vuto sichilipiridwa, ngakhale chinapweteka motani pa tsikulo. M'magulu ankhondo otsata dongosolo la ku Britain, funsoli limayankhidwa ndi bodi ya madokotala, ndiko kuti madokotala angapo okhala pamodzi kuti aone chimene thupi silingathenso kuchita. Amayeza ngati bondo likupindika, ngati dzanja likugwira, ngati khutu likumva mawu a munthu, ndipo zotsatira zake amazilemba m'maperesenti. Wotaya chala chimodzi amapatsidwa maperesenti ochepa, wotaya maso onse awiri amawerengedwa kuti walumala kotheratu. Ku America maperesentiwa amayambira pa 0 kufika pa 100, akukwera khumikhumi, ndipo ndalama ya pamwezi imatsata nambala imeneyo. N'chifukwa chake tsiku lokaonekera pabodi si tsiku loonetsa chamuna. Msilikali amaphunzitsidwa kulimba mtima ndi kubisa ululu, koma akauza madokotala kuti ali bwino pamene usiku sagona ndi msana, amadzidulira yekha maperesenti.

Funso lachiwiri ndi lakuti kodi chinachitika n'chiyani ali pa ntchito. Ambiri amaganiza kuti bala lowerengedwa ndi la chipolopolo cha adani lokha, koma ntchito ya msilikali ndi yotakata kuposa nkhondo. Wothyoka pa maphunziro ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, wogubuduzika ndi lole ya gulu lake, wovulala populumutsa anthu m'matope monga anachitira asilikali athu pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, wodwala nthenda imene anaitenga m'nkhalango kumene anatumidwa, onsewa avulalira pa ntchito. Ngakhale vuto limene munthu analowa nalo limawerengedwa m'maiko ambiri ngati ntchito yalikulitsa. Chimene chimatseka khomo pafupifupi kulikonse ndi kudzivulaza mwadala kapena kuvulala pochita zoswa mwambo, monga kuyendetsa galimoto ataledzera kapena kuthawa pamalo a ntchito popanda chilolezo.

Funso lachitatu ndilo limagwetsa ambiri: kodi ulumali wa lerowu wachokeradi pa chochitika chija? Wodulidwa mwendo kunkhondo savutika kuyankha. Koma taganizirani msilikali amene anagwa pa lole ali ndi zaka 28, anapatsidwa mapiritsi n'kubwerera pamzere, ndipo lero ali ndi zaka 55 sangathe kuwerama kuti apalire chimanga. Dokotala anganene kuti ndi kugwa kuja, anganenenso kuti ndi ukalamba kapena khasu. Chomangiriza tsiku lakale lija ku msana wa lero ndi kapepala kamene kanalembedwa pa chipatala cha m'baraki, lipoti la ngozi, ndi kalata ya dokotala yonena kuti ziwirizi zikugwirizana. Kapepalako kakasowa, munthu woona mtima amaoneka ngati wabodza.

Phunziro la ku Fort Hill

Anthu a ku Chitipa sakusowa wowauza chimene chimachitika munthu akatumikira popanda pepala. Pa nthawi ya atsamunda malowa ankatchedwa Fort Hill, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika pakhomo penipeni. Pa 9 Sepitembala 1914 asilikali a Germany ndi a Britain anamenyana ku Karonga, ndipo mu Meyi 1916 magulu a General Edward Northey analowa m'dziko la Ajeremani, limene lero ndi Tanzania, kudzera m'malire a kuno kumpoto, Fort Hill ali amodzi mwa malo onyamukira. Asilikali a King's African Rifles, amene makolo athu ankawatcha a Keyala, anali ndi nambala ndipo maina awo analembedwa. Pambuyo pawo pankayenda chikhamu cha amtengatenga osenza ufa, zipolopolo ndi mahema. Olemba mbiri amawerengera kuti Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga ofika pafupifupi 200,000. Osenza ochuluka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo, ena anabwerera ali opuwala, koma kalembera wawo anali wosalongosoka kotero kuti analibe poyambira kudandaula. John Chilembwe anali ataziona kale izi mu Novembala 1914, pamene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni n'kusiya amasiye m'mavuto. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza poyera kuti Aafirika ochuluka amene anafa pa nkhondoyo sanakumbukiridwe mofanana ndi azungu.

Nkhondo yachiwiri inaonetsa mbali ina ya vuto lomweli. Anyamata a Nyasaland anakamenya ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo ulendo uno mapepala analipo, koma mitengo inalembedwa motsata khungu. Zikalata zimene atolankhani anaulula mu 2019 zinasonyeza kuti m'magulu a kum'mawa kwa Afirika msilikali wamba wachizungu ankapatsidwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene mnzake wakuda ankapatsidwa masheleni 3 ndi theka. Otsala a m'badwo umenewo akhala akudalira nyumba ya asilikali okalamba ya ku Zomba, ndalama za maluwa ofiira a popi ogulitsidwa mu Novembala, ndi thandizo la Royal Commonwealth Ex-Services League, limene boma la Britain linalipatsa mapaundi 11.8 miliyoni mu 2018 kuti asilikali akale ndi amayi amasiye m'maiko osiyanasiyana azidya kawiri pa tsiku. Thandizoli ndi labwino, koma ndi chifundo, ndipo chifundo chimatha wopereka akatopa. Chimene munthu angachiitanitse molimba mtima ndi chokhacho chimene chili m'lamulo ndipo umboni wake unasungidwa.

Ovulalira kunja kwa dziko

Asilikali a Malawi wodziimira payekha nawonso atumidwa kutali. Kuyambira 1987 analondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pambuyo pake anakasungitsa mtendere ku Côte d'Ivoire, ndipo mu 2013 anatumizidwa ku Congo pamodzi ndi a South Africa ndi Tanzania m'gulu la United Nations lololedwa kuthira nkhondo zigawenga. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anafa populumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo mu 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Pa nkhondo ngati imeneyo akufa amalengezedwa, koma ovulala amabwerera mwakachetechete, ndipo ndiwo amakhala ndi ulendo wautali wa mapepala.

United Nations ili ndi dongosolo lake la chipukuta misozi. Kuyambira Julayi 2018, imfa ya pa ntchito imalipiridwa madola 77,000, ndipo ulumali wosatha umalipiridwa gawo la ndalama imeneyo motsata maperesenti. Woyezedwa pa maperesenti 20, mwachitsanzo, gawo lake ndi madola 15,400. Koma msilikali sangalembere yekha ku New York. Ngozi iyenera kulembedwa pomwe yachitikira, kafukufuku atsimikize kuti inali ya pa ntchito, madokotala alembe lipoti lomaliza chithandizo chikatha, kenako boma la Malawi ndilo limapereka pempho kudzera ku ofesi yake ya ku United Nations, ndipo ndalama zimadzeranso m'manja mwa boma. Pepala limodzi likatsalira pa tebulo la wina, zonse zimaima. Tiyeneranso kudziwa kuti si ulendo uliwonse wa ku Congo umene uli wa United Nations. Asilikali athu atatu amene anaphedwa kumeneko mu Januwale 2025 anali m'gulu la SADC, lomwe linkayenda ndi mapangano ena. Banja liyenera kudziwa kuti mwana wawo anapita pansi pa mbendera iti, pakuti wolipira amadziwika ndi mbenderayo.

Mabala ochedwa kuoneka

Ulumali wina sutuluka magazi. Makutu amene akhala zaka pafupi ndi mizinga amagontha pang'onopang'ono. Mawondo ndi msana zimene zasenza chikwama ndi mfuti zimadzayamba kudandaula munthu atapuma kale. Palinso bala la m'maganizo, limene madokotala amalitcha PTSD: munthu amalota nkhondo usiku ndi usiku, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, amapsa mtima msanga, amathawa anthu, ndipo ena amathawira ku kachasu. Kumudzi anganene kuti walodzedwa kapena anabwerako ndi mizimu ya anthu amene anawapha, chonsecho ndi nthenda yodziwika ndipo ili ndi chithandizo, monga chimene chimaperekedwa ku St John of God ku Mzuzu. Mlandu suola, ndipo lamulo labwino liyenera kusiya khomo lotsegula kwa bala limene laonekera mochedwa.

Maiko ena anapeza njira yochepetsera mtolo wa wodandaula. Ku America, matenda ena okhalitsa akaoneka chisanathe chaka munthu atatuluka usilikali amatengedwa kuti ndi a pa ntchito popanda kufunsa zambiri. Lamulo la 1991 linachita chimodzimodzi kwa amene anakhudzidwa ndi mankhwala a Agent Orange ku Vietnam, ndipo la PACT Act la 2022 linawonjezera amene anapuma utsi wa maenje otenthera zinyalala ku Iraq ndi Afghanistan. Wodandaula amangosonyeza kuti anali kumaloko pa nthawiyo ndipo ali ndi nthenda yolembedwa pa mndandanda. Umboni wa mbali ziwiri ukalingana, msilikali ndiye amapambana. Ku Britain, m'dongosolo lakale la penshoni ya ovulala kunkhondo, munthu akadandaula zisanathe zaka 7 atatuluka, boma ndilo liyenera kutsimikiza kuti vutolo silinachokere ku ntchito. Maganizo ake ndi osavuta kumva. Mnyamata wa ku Wenya asanalembedwe usilikali amathamangitsidwa, amayezedwa magazi, maso, chifuwa ndi mapazi, ndipo wopezeka ndi vuto amabwezedwa. Boma likamulandira lavomereza kuti ndi wamphumphu. Akatuluka wosamva kapena wopindika msana, loyenera kufotokoza kumene kwachokera vutolo ndi boma lomwelo.

Mawu a otsutsa

Wina anganene kuti khomo likatseguka chonchi, onama adzalowa, ndipo m'dziko limene lamvapo za antchito a mizukwa pa mndandanda wa malipiro nkhawa imeneyi si yopanda pake. Koma kusamutsa mtolo wa umboni sikuchotsa kuyeza. Ulumali uyenerabe kuonedwa ndi madokotala, ndipo kaundula wa gulu ayenerabe kusonyeza kuti munthuyo anali kumene akunenako. Bodza limakula pamene mapepala ali osokonekera, ndipo mankhwala ake ndi kaundula wolongosoka womangidwa pa nambala ya usilikali ndi chiphaso cha unzika. Kukaniza anthu khumi oona pofuna kugwira wabodza mmodzi n'kulanga olakwika.

Wina anganene kuti Malawi ndi wosauka ndipo sangatengere America. N'zoona kuti sitingalipire ndalama zofanana ndi zawo, ndipo palibe akupempha zimenezo. Kukula kwa ndalama kumatsata thumba la dziko, koma funso lakuti ndani apereke umboni silidya ndalama zambiri. Kuyeza msilikali aliyense potuluka monga anayezedwera polowa, kumupatsa kope ya fayilo yake ya kuchipatala, ndi kutumiza madokotala kuti azikakhala ku Mzuzu kapena ku Karonga pa nthawi zoikika m'malo moitanira munthu wa ndodo ku Lilongwe, zonsezi n'zotheka. Ndipo dziko likasankha kutumiza ana ake kunkhondo, mtengo wosamalira ovulala ndi gawo la mtengo wa nkhondoyo. Boma likaukana, mtengowo sufafanizika, umangogwera mkazi ndi ana.

Palinso onena kuti wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima: msilikali ankadziwa kuopsa kwa ntchito yake ndipo ankalandira malipiro ndi alawansi. Koma malipiro amagula thukuta la mwezi umenewo, sagula diso kapena mwendo wa moyo wonse. Komanso msilikali alibe ufulu umene wantchito wina aliyense ali nawo. Sangakane kutumidwa poti malowo ndi oopsa, sanganyanyale ntchito, sangachoke tsiku limene wafuna. Amene walandidwa ufulu wokana ayenera kutetezedwa koposa. Izi zikuyankhanso ofunsa chifukwa chake msilikali asiyanitsidwe ndi anthu ena aulumali. Ufulu wa munthu waulumali aliyense, wa maphunziro, chipatala ndi kusasalidwa, ndi wofanana, ndipo mabungwe monga FEDOMA amamenyera onse. Chipukuta misozi cha msilikali ndi ngongole yapadera ya amene anamutuma kumene anavulalako.

Zoyenera kuchita

Pamene tikudikira kuti malamulo ndi machitidwe zifike pamenepa, msilikali ndi banja lake adziteteze okha. Kuvulala kulikonse, ngakhale kooneka kochepa, kukalembetsedwe kuchipatala cha gulu tsiku lomwelo. Maina a anzake amene analipo asungidwe. Asanasaine mapepala otulukira, msilikali atchule vuto lililonse limene akulimva ndipo aone kuti lalembedwa. Chikalata chotulukira usilikali, nambala yake, makalata a madokotala ndi buku la kuchipatala zikhale ndi makope, ena asungidwe kwa m'bale wodalirika, pakuti chiswe ndi moto sizisankha pepala. Akadwala ali kumudzi, auze dokotala wa pa chipatala cha boma ku Chitipa kuti anali msilikali ndiponso chimene chinamuchitikira, kuti mbiriyo ilowe m'buku. Mkazi ndi ana akuluakulu adziwe pamene pali mapepalawa, chifukwa mwini wake akamwalira ndiwo adzayankhe mafunso.

Pempho likakanidwa, nkhani sinathe. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wouzidwa zifukwa molemba pamene chigamulo cha ofesi ya boma chakhudza ufulu wake. Wokanidwa apemphe zifukwazo, apite nazo ku bungwe la asilikali opuma la VELOM kuti amuunikire, ndipo ngati sakukhutira ofesi ya Ombudsman ndi makhoti zilipo. Kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi akuluakulu a asilikali pempho ndi ili: lembani m'lamulo kuti amene analowa usilikali ali wamphumphu n'kutuluka wolumala awerengedwe kuti walumalira pa ntchito, kufikira boma litasonyeza umboni wotsutsa.